Oyilo wotchipa akhoza kudya phindu la nyengo yonse: zoyenera kudziwa ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba

Misika ya fodya, soya, chitowe ndi nandolo ikatsegulidwa kum'mwera kwa chigawo cha Niassa, njinga zamoto zatsopano zimachuluka m'misewu. Mlimi amene wagulitsa bwino amafuna mota yoti izimunyamulira feteleza, izithamangitsira wodwala kuchipatala, ndipo masiku ena izigwira ntchito ya taxi-mota, imene tsidya la Malawi amati kabaza. Ena amagula mpope wothirira kudimba, ena injini ya chigayo. Koma walira mvula walira matope. Injini iliyonse imafuna oyilo, ndipo m'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba funso la oyilo lili pawiri: chifukwa chiyani ndi wokwera mtengo, nanga amene akugulitsidwa motchipa m'mabotolo osamata ndi oyilo weniweni?

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri kuposa eni njinga okha. Nsomba za ku Nyanja ya Amaramba, monga mlamba, makumba ndi matemba, zimafika kumsika zili pambuyo pa njinga yamoto. Chigayo chikaima, amayi amayenda mtunda wautali ndi thumba la chimanga pamutu. Mpope ukafa mu Okutobala, tomato ndi kabichi zimauma m'masiku owerengeka. Ndalama imene munthu wapulumutsa pa lita imodzi ya oyilo ikhoza kubwereranso ngati ngongole ya banja lonse.

Kumene mtengo ukuchokera

Dziko la Mozambique lilibe fakitale yoyenga mafuta yomwe ikugwira ntchito. Ya ku Matola inatsekedwa m'zaka za m'ma 1980. Choncho petulo, dizilo ndi zopangira oyilo zimachokera kunja ndipo zimalipiridwa ndi ndalama zakunja. Pa petulo, dizilo ndi palafini pali dongosolo lodziwika: kampani ya IMOPETRO imaitanitsa mafutawo m'malo mwa makampani onse, ndipo bungwe la ARENE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, limalengeza mtengo. N'chifukwa chake mtengo wa petulo umamveka pa wailesi ndipo aliyense akhoza kuuyerekeza ndi umene walembedwa pa bomba. Oyilo wa injini salowa m'zilengezo zimenezi. Kampani iliyonse imaitanitsa wake, wogulitsa aliyense amaika phindu lake, ndipo wogula alibe nambala ya boma yoti aloze.

Zaka zapitazi zinthu zingapo zakankhira mtengo m'mwamba. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mtengo wa mafuta osayenga unapitirira madola 120 pa mgolo umodzi, ndipo chaka chomwecho ARENE inakweza mitengo ya mafuta kangapo. Ku South Africa, kumene kumachokera oyilo wambiri wogulitsidwa kum'mwera kwa Africa, mafakitale awiri akuluakulu oyenga mafuta a ku Durban anasiya ntchito: ya Engen itapsa mu Disembala 2020, ndipo ya Sapref inaima mu 2022. Kuyambira pamenepo makampani osakaniza oyilo akudalira kwambiri zopangira zochokera kutsidya la nyanja. Kuno kwathu zipolowe zomwe zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 zinasokoneza misewu, madoko ndi zipata za m'malire kwa miyezi ingapo, ndipo amalonda akhala akudandaula kuti madola akuvuta kupeza m'mabanki, ngakhale kuti mtengo wa boma wa dola wakhala pafupi ndi meticais 64 kuyambira 2021.

Pamwamba pa zonsezi pali mtunda. Katundu wotsika padoko la Nacala amayenda makilomita oposa 500 kuti afike ku Cuamba. Kuchoka ku Cuamba kufika ku Mandimba ndi makilomita ena pafupifupi 150 pa msewu wa N13, ndipo kuti afike ku Massangulo, likulu la Ngauma, amapitirirabe. Phula lomwe linaikidwa pa msewuwu lafupikitsa ulendo, koma phula limathera pa msewu waukulu. Wamalonda wa ku Mitande kapena wa m'midzi ya kufupi ndi nyanja amagula makatoni awiri kapena atatu kwa wogulitsa wa m'tauni, n'kulipira chapa kapena njinga yowanyamula. Dzanja lililonse limene botolo ladutsamo limaonjezera kanthu, ndipo msonkho wa IVA, womwe unatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu 2023, umakhala uli kale mumtengo.

Mphamvu ya malire

Mandimba ndi Chiponde ndi msika umodzi wokhala ndi ndalama ziwiri. Zochitika ku Lilongwe zimamveka msanga m'mashopu a mbali ino. Banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Madola atasowa m'mabanki a ku Malawi, amalonda ambiri anayamba kuwagula kwa osintha ndalama a m'misewu pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera. Pa nthawi zimene petulo wasowa ku Namwera ndi ku Mangochi, anthu akhala akuwoloka ndi zigubu kudzagula mbali ya Mozambique. Wobwera kudzagula petulo amagulanso oyilo ndi zipangizo za njinga, moti mashopu a Mandimba amatumikira anthu a maiko awiri.

Pali phunziro limodzi losavuta pamenepa. Malawi nayonso ilibe fakitale yoyenga mafuta, ilibenso doko, ndipo katundu wake wambiri amadutsa ku Nacala, Beira, Dar es Salaam kapena Durban. Oyilo weniweni wa kampani yodziwika sangakhale wotchipa modabwitsa mbali iliyonse ya malire. Munthu akabwera ndi botolo la dzina lotchuka pa theka la mtengo wa pa bomba, n'kumanena kuti lachokera tsidya linalo, wogula ali ndi chifukwa chokwanira chokayikira. Chinyengo chilibe mbendera: botolo lodzazidwanso likhoza kuchokera ku Mangochi, ku Nampula kapena kuseri kwa nyumba ya m'mudzi momwemo.

Ntchito ya oyilo m'kati mwa injini

Ambiri amaona ngati ntchito ya oyilo ndi kutereretsa zitsulo basi. Amachitanso zina zitatu: amachotsa kutentha, amanyamula mwaye ndi tizidutswa tachitsulo kuti tisamatirire, ndipo amatseka kampata ka pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda kuti mphamvu isathawe. Kuti akwanitse zimenezi, opanga amathira mankhwala apadera m'mafuta oyengedwa bwino. Mankhwalawa ndiwo gawo lodula la oyilo, ndipo ndiwo amatha oyilo akagwira ntchito nthawi yaitali.

Apa m'pamene pagona vuto la oyilo wachinyengo. Oyilo wakale wochotsedwa m'galimoto akhoza kusiyidwa kuti zinyalala zidikhe, kusefedwa ndi nsalu, ngakhale kuyeretsedwa mpaka kuoneka ngati uchi. Mtundu umabwerera, koma mankhwala amene anatha sabwerera. Ena amasakaniza oyilo wabwino pang'ono ndi wakale, ena amagulitsa mafuta opanda mankhwala aliwonse. Injini siifa tsiku lomwelo. Imayamba ndi kutentha kwambiri, kenako utsi wobiriwira kumbuyo, kenako mphamvu imachepa pachitunda, ndipo tsiku lina imanoka. Chifukwa choti zimatenga miyezi, mwini njinga amaloza chala makaniko, kapena amati njinga za masiku ano n'zosalimba, pamene wogulitsa oyilo uja ali pamalo pake pomwepo.

Njinga zodziwika m'dera lino, za 100 mpaka 150 cc, zili pachiopsezo chachikulu kuposa galimoto. Zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, zimaziziritsidwa ndi mphepo, ndipo oyilo yemweyo amagwira ntchito mu injini, m'magiya ndi mu kilachi. Zambiri zilibe sefa ya pepala ngati ya galimoto, zili ndi kasefa ka waya. Onjezani fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, ndi matumba awiri a chimanga pambuyo. Lita imodzi ija imagwira ntchito yoposa imene wopanga njinga anaiganizira.

Kuwerenga zolembedwa pa botolo

Botolo la oyilo weniweni limakhala ndi zizindikiro ziwiri kapena zitatu zimene aliyense angaphunzire, ngakhale sadziwa Chingerezi kapena Chipwitikizi.

Choyamba ndi nambala ya SAE, monga 20W-50, 15W-40 kapena 10W-40. Imasonyeza kulimba kwa oyilo. Nambala yoyamba ikunena mmene amayendera injini ili yozizira, yachiwiri mmene amalimbira injini itatentha. Nambala imeneyi siinena kuti oyilo ndi wabwino kapena woipa. Chikhulupiriro chakuti oyilo wolimba kwambiri pakati pa zala ndiye wamphamvu chawononga injini zambiri, chifukwa oyilo wolimba mopitirira amachedwa kufika kumutu kwa injini m'mawa, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi m'mapiri a Ngauma. Oyilo wa magiya a galimoto, wolembedwa 90 kapena 140, sayenera kulowa mu injini.

Chachiwiri ndi zilembo za API. Zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo, muyeso umakhala watsopano: SL ndi wa 2001, SM wa 2004, SN wa 2010, SP wa 2020. Zoyamba ndi C ndi za injini za dizilo, monga CH-4 ndi CI-4, ndipo ndizo ayenera kuyang'ana mwini chigayo kapena thirakitala. Botolo lolembedwa SA kapena SB, kapena lopanda zilembo zimenezi n'komwe, muli oyilo wosayenera injini ya masiku ano.

Chachitatu n'cha njinga zamoto zokha: JASO MA kapena MA2, pambali pa chizindikiro cha 4T. Muyeso umenewu unachokera ku Japan ndipo umatsimikizira kuti oyiloyo sachititsa kilachi kuterera. Oyilo wina wa galimoto zatsopano ali ndi mankhwala otereretsa kwambiri pofuna kupulumutsa petulo. Mu galimoto ndi wabwino, koma mu njinga amachititsa kuti injini ilire kwambiri pamene njingayo siikukoka. Choncho oyilo akhoza kukhala weniweni, wodula, koma wolakwika.

Makina odulira mitengo, mipope ina yopoperera mankhwala ndi injini zina za maboti ndi za mtundu wa 2T, zomwe oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo. Buku likanena 50:1, ndiye kuti mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo. Oyilo wa 4T sayenera kugwiritsidwa ntchito pamenepa, ndipo injini za maboti zili ndi muyeso wakewake wa TC-W3.

Zolembedwa zikhoza kukopedwa, n'chifukwa chake maso ayeneranso kupita pa chivindikiro. Mphete ya pulasitiki ikhale yosaduka komanso yopanda guluu. Pepala likhale lomatidwa mowongoka, lokhala ndi nambala ya gulu ndi tsiku limene oyiloyo anapangidwa. Oyilo watsopano sanunkha chopsa kapena dizilo, ndipo pansi pa botolo sipakhala zodikha. Dontho limodzi pa pepala loyera limasiya banga loyera lofanana ponseponse, pamene oyilo wakale nthawi zambiri amasiya kadontho kakuda pakati. Njira zimenezi zimagwira chinyengo chachisawawa. Chinyengo chopangidwa mwaluso chimadziwika mu labotale mokha, ndiye chitetezo chachikulu n'kugula pamalo amene adzakhalapobe mawa, ndi kutenga lisiti.

Masamu a wokwera njinga

Wogula oyilo wa m'botolo losamata si munthu wopusa. Nthawi zambiri ali ndi ndalama ya tsikulo yokha, ndipo wa pamsika amamugulitsa theka la lita pamene pa bomba akufuna ndalama ya botolo lonse. Koma masamu a mwezi amasiyana ndi a tsiku.

Tiyerekeze kuti wa taxi-mota amayenda makilomita 80 patsiku kwa masiku 25. Pamwezi ndi makilomita 2,000. Njinga yake ikamayenda makilomita 40 pa lita, wagula malita 50 a petulo, ndipo pa mtengo woposa meticais 80 pa lita, umene wakhalapo kuyambira pakati pa 2022, wawononga ndalama zoposa meticais 4,000. Tiyerekezenso kuti botolo lomata ndi meticais 500 ndipo losamata ndi 250. Akasintha oyilo kamodzi pamweziwo, kusiyana kwake ndi meticais 250, kapena kuti meticais 10 pa tsiku lililonse la ntchito. Pachaka ndi meticais 3,000. Aliyense aike mitengo ya kwawo m'malo mwa manambala achitsanzowa, kenako afunse makaniko mtengo wa pisitoni, malingi, silinda ndi ntchito yomasula injini, n'kuphatikizapo masiku amene njinga ikhala itaima. Oyilo ndi kagawo kochepa ka ndalama zoyendetsera njinga, koma ndi amene amasunga chinthu chodula kuposa zonse.

Kwa mlimi wa kudimba masamu ake ndi a maola. Mpope wamba wa petulo wa 5.5 kapena 6.5 HP umalowa oyilo wopitirira pang'ono theka la lita. Mabuku a injini zotere amalangiza kusintha oyilo woyamba pakatha maola 20, kenako maola 100 aliwonse, ndi kufupikitsa nthawi ngati malowo ndi afumbi. Wothirira maola anayi patsiku amakwanitsa maola 100 m'masiku 25. Ambiri amangoonjezera oyilo pamwamba nyengo yonse osakhutula wakale, ndipo zinyalala zonse zimatsala m'kati. Oyilo wabwino kwambiri sangapulumutsenso injini imene sefa yake ya mpweya yang'ambika, chifukwa fumbi lolowa limasanduka ngati mchenga wopalira chitsulo.

Udindo wa boma ndi wa magulu

Lamulo loteteza ogula, la nambala 22/2009, limapatsa munthu ufulu wolandira katundu wabwino ndi kuuzidwa zoona za katunduyo. Bungwe la boma loona za malonda ndilo limayendera mashopu ndi misika ndipo lili ndi mphamvu yolanda katundu wachinyengo, pamene INNOQ imayang'anira miyeso ya katundu. M'maboma, khomo lapafupi ndi ofesi ya SDAE. Tsidya la Malawi ntchito zofanana ndi zimenezi zili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards ndi MERA.

Oyilo ndi katundu wovuta kuyendera. Shuga kapena ufa wopitirira tsiku umaoneka ndi maso, koma oyilo wopanda mankhwala amafuna kupimidwa. Misika ya m'midzi ndi yambiri, ina imachitika tsiku limodzi pamlungu, ndipo njira zowolokera malire n'zochuluka kuposa zipata za boma. Komabe pali zinthu zimene zingatheke popanda ndalama zambiri. Oyendera akhoza kufunsa wogulitsa mapepala osonyeza kumene anagula katundu. Alangizi a zaulimi, amene amaphunzitsa kale kuwerenga botolo la mankhwala a thonje ndi fodya, akhoza kuonjezera phunziro la SAE, API ndi JASO. Makampani a mafuta akhoza kubweretsa mabotolo ang'onoang'ono omata, kuti munthu wa ndalama yochepa asakakamizike kupita ku mgolo wotsegula.

Magulu a alimi ndi a taxi-mota ali ndi mphamvu imene munthu mmodzi alibe. Anthu 12 akasonkha ndalama n'kugula katoni kwa wogulitsa wovomerezeka ku Cuamba kapena ku Mandimba, mtengo wa botolo umatsika, lisiti limakhalapo, ndipo chikavuta amadziwa khomo logogoda. Ndi njira yomweyo imene magulu amagulira feteleza ndi mbewu.

Botolo lopanda kanthu ndi oyilo wakale

Wachinyengo amafuna zinthu ziwiri: botolo loyera la dzina lodziwika ndi oyilo wakale. Zonsezi amazipeza kwa anthu omwewo amene adzawagulitsa mawa. Kuboola botolo likatha ndi kuphwanya chivindikiro chake kumadula njira imeneyi. Botolo lotere siliyeneranso kusungira madzi akumwa kapena mafuta ophikira, ngakhale litatsukidwa.

Oyilo wakale ali ndi poizoni. Kumukhudza kawirikawiri kumayambitsa matenda a pakhungu ndipo kumaonjezera chiopsezo cha khansa ya pakhungu. Kupaka ng'ombe kapena mbuzi pofuna kupha nkhupakupa kumaika poizoni m'thupi la chiweto. Kuthira pansi pafupi ndi chitsime kapena m'ngalande kumafikitsa poizoniyo m'madzi mvula yoyamba ikagwa. M'dera la Amaramba zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa nyanjayi ndi yosaya, yalumikizana ndi Chiuta, ndipo ndi kumene mtsinje wa Lugenda umayambira ulendo wake wopita ku Rovuma. Oyilo wotayidwa pa gombe amafalikira pamwamba pa madzi n'kukakhala m'bango momwe nsomba zimaswana. Njira yabwino ndi kumusonkhanitsa m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, n'kufunsa pa bomba kapena ku SDAE kumene angaperekedwe.

Mtengo wa oyilo upitiriza kutsatira dola, doko la Nacala ndi kutalika kwa msewu, ndipo mlimi wa ku Mitande kapena Itepela alibe mphamvu pa zimenezo. Zimene zili m'manja mwake ndi kuwerenga zilembo za pa botolo, kuyang'ana chivindikiro, kusintha oyilo pa nthawi yake ndi kuboola botolo likatha. Mvula isanagwe, pamene njinga, mipope ndi zigayo zikugwira ntchito kwambiri, ndi nthawi yabwino yoti magulu akambirane zogula katoni limodzi ndi kulemba tsiku limene injini iliyonse inasinthidwa oyilo.